Mphekesera za pafoni: zochita uthenga ukakuwotchani mtima, potengera kusinkhasinkha kwa Abuda

Vutoli limabwera mofanana nthawi zonse. Foni ilira, mutsegula gulu la WhatsApp la kubanja kapena la kumpingo, mupeza vidiyo kapena mawu ojambulidwa a munthu wosadziwika akuyankhula mwaphuma za chiwembu, za mankhwala oopsa, za anthu a mtundu wina amene akuti akonza zoipa. Pamwamba pake pali timivi tiwiri tosonyeza kuti uthengawo wadutsa m'manja ambiri. Musanamalize n'komwe kumvetsera, chala chafika kale potumizira. Mawa lake kumveka kuti vidiyoyo ndi ya dziko lina ndipo ndi yakalekale, koma azakhali aifikitsa kale ku gulu la amayi, ndipo msuweni amene anayesa kutsutsa watuluka m'gulu atakwiya.

Malangizo amene timamva kawirikawiri ndi akuti tizifufuza kaye. Ndi abwino, koma amagwa pa chinthu chimodzi: munthu amene mantha kapena mkwiyo wamugwira saona chifukwa chofufuzira. Kwa iye nkhaniyo ndi yoona kale, thupi lake lamuuza choncho. Apa ndi pamene Abuda, anthu otsatira chiphunzitso cha Buddha, mphunzitsi wakale wa ku India, ali ndi chotithandiza. Kwa zaka zoposa 2,400 akhala akuphunzira kuyang'ana kanthawi kochepetsetsa ka pakati pa kumva chinthu ndi kuchitapo kanthu, ndipo mphekesera za pafoni zimadutsira pa kanthawi komweko. Simufunika kusiya tchalitchi kapena mzikiti wanu kuti muyese zili m'munsimu. Zambiri ndi zochita ndi mpweya, maso ndi lilime.

Chala chimathamanga ndisanaganize

Malemba akale a Abuda a m'chiyankhulo cha Pali amafotokoza ndondomeko yake mwatsatanetsatane m'chiphunzitso chotchedwa Madhupindika Sutta. Diso likakumana ndi chooneka, pamabadwa kukhudzidwa. Kukhudzidwako kumabala kamvedwe, kokoma, kowawa, kapena kapakatikati. Chimene munthu wamva amachipatsa dzina, chimene wachipatsa dzina amachiganizira, ndipo maganizowo amaswana mpaka mwini wake amira m'menemo. Pafoni zonsezi zimatha m'masekondi ochepa. Mwaona chithunzi cha nyumba ikuyaka, m'mimba mwachita thuu, mutu wanena kuti "ndi anthu aja", ndipo nkhani yonse ya amene anayatsa ndi chifukwa chake yamangika yokha musanawerenge mzere wachiwiri.

Ofufuza a pa yunivesite ya MIT ku America anafalitsa mu 2018, m'magazini ya Science, zimene anapeza atatsata nkhani pafupifupi 126,000 zimene zinayenda pa Twitter kuyambira 2006 mpaka 2017. Nkhani zabodza zinali ndi mwayi woposa wa zoona ndi 70 peresenti woti anthu azitumize, ndipo zoona zinkatenga nthawi yochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuti zifike kwa anthu 1,500. Ambiri ankayembekeza kuti olakwa ndi makompyuta otumiza okha mauthenga, koma zinapezeka kuti ndi anthu enieni. Mayankho a anthu pa nkhani zabodzazo ankadzaza ndi mantha, kunyansidwa ndi kudabwa.

Chochita chake n'chaching'ono moti ena amachipeputsa. Uthenga ukakugwedezani, ikani foni chafufumimba patebulo kapena pamwendo. Kokani mpweya ndi kuutulutsa katatu, mukuumva ukulowa ndi kutuluka, osaukakamiza. Kenako funani pamene uthengawo wagunda m'thupi. Mwina ndi pachifuwa pamene patentha, mwina nsagwada zamangika, mwina manja achita thukuta. Mukapapeza, tchulani mumtima chimene chilipo: "mantha alipo", "mkwiyo ulipo". Musanene kuti "ndakwiya chifukwa anthu awa ndi oipa", pakuti pamenepo mwabwerera kale m'nkhani ija. Satipatthana Sutta, chiphunzitso chachikulu cha kusinkhasinkha, imangofuna kuti munthu adziwe mtima wachidani kuti ndi wachidani, mtima wadyera kuti ndi wadyera. Siinena kuti muuthamangitse. Mukauyang'ana osauthira nkhuni, kutentha kuja kumayamba kutsika kokha, ndipo mpata wofunsa funso umapezeka.

Mmonke (munthu wodzipereka ku moyo wa chipembedzo cha Chibuda) wa ku Vietnam Thich Nhat Hanh, amene anamwalira mu January 2022, ankaphunzitsa anthu kuti foni ikalira asaithamangire, ayambe apuma mpweya kangapo kenako ayankhe. Analinso ndi funso lalifupi limene ankakonda kulemba ndi burashi kuti anthu apachike pakhoma: kodi mwatsimikiza? Asayansi anadzafika pafupi ndi pomwepo kudzera njira ina. Mu 2021, Gordon Pennycook, David Rand ndi anzawo analemba m'magazini ya Nature kuti kungokumbutsa anthu kuganizira ngati mutu wa nkhani uli woona kunachititsa kuti zimene ankatumiza pambuyo pake zikhale zodalirika kuposa kale. Ambiri otumiza mabodza sakonda bodza ayi. Maganizo awo amakhala ali kwina panthawi yotumizayo.

Pali msampha umodzi umene ndikufuna kutsindika. Mantha ndi mkwiyo n'zosavuta kuzigwira chifukwa zimapweteka. Chovuta ndi kukoma. Nkhani yochititsa manyazi wandale amene simumukonda, kapena yotsimikizira zimene mwakhala mukunena kwa zaka, imalowa mokoma, ndipo kukomako sikukuchenjezani. Abuda amawerenga mizu itatu ya zoipa: dyera, chidani ndi kusokonezeka kwa maganizo. Dyera si la ndalama lokha. Kufuna kuti nkhani ikhale yoona ndi dyera, kufuna kukhala woyamba kuiponya m'gulu ndi dyeranso. Mukamva kankhani kakukukomerani kwambiri, pumani katatu monga mukanachitira kakanakuopsani.

Mtima wakhazikika, koma sindikudziwa ngati n'zoona

Kukhala phee sikungakuuzeni tsiku limene vidiyo inajambulidwa. Pamafunika kuyenda, ndipo Abuda ali ndi nthano yake, Daddabha Jataka, ya nambala 322 m'gulu la nthano za Jataka. Kalulu anagona pansi pa kamtengo ka mgwalangwa, pafupi ndi mtengo wa zipatso zolimba, akudzifunsa kuti dziko litaphwasuka iye angalowere kuti. Nthawi yomweyo chipatso chakupsa chinagwera pa tsamba la mgwalangwa, phokoso lake ndi kumveka. Kalulu anadzambatuka osacheuka, akukuwa kuti dziko likuphwasuka. Akalulu anzake anamutsatira, kenako agwape, nguluwe, njati, zipembere, akambuku, njovu, liwiro lokhalokha kulunjika kunyanja.

Mkango wina unaona kuti nyamazo zikathera m'madzi. Unazitsekera kutsogolo ndi kubangula katatu mpaka zinaima. Sunayambe ndi kuzinena kuti n'zopusa. Unafunsa njovu kuti ndani waona dziko likuphwasuka. Njovu zinati sizikudziwa, zamva kwa ena. Enawo analoza enanso, mpaka funso linatsika mzere wonse kukafika pa kalulu mmodzi uja. Mkango unamubereka kumsana kubwerera naye komwe anagona. Kaluluyo anaopa kuyandikira, anangoloza ali patali, ndipo mkango unapita wokha, ndi kupeza chipatso chili pansi, nthaka ili bwinobwino.

Onani kuti kalulu sananame dala. Anamvadi phokoso. Chimene chinalakwika ndi dzina limene anapatsa phokosolo, ndiponso mantha amene anali nawo kale chipatso chisanagwe. Mphekesera zambiri zimayamba chomwecho. Kumapeto kwa February 2018, m'tauni ya Ampara ku Sri Lanka, munthu wina anapeza kanthu koyera m'chakudya pa lesitilanti ya Asilamu. Panali patayenda kale manong'onong'o akuti Asilamu akuthira mankhwala oletsa kubereka m'zakudya za anthu a mtundu wa Sinhala. Wogwira ntchito pamalopo, amene sankamva bwino chiyankhulo cha Sinhala, anazunguliridwa ndi gulu lolusa, ndipo anajambulidwa vidiyo akuoneka ngati akuvomera. Vidiyoyo inafalikira pa Facebook, mzikiti ndi mashopu zinaphwanyidwa. Akatswiri a boma atayeza kanthu koyerako anapeza kuti kanali kambulu ka ufa. Kwathu kuno sitingaiwale 2017, pamene mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zinaphetsa anthu, ndipo bungwe la United Nations linachotsa ogwira ntchito ake m'maboma ena a kumeneko. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Kutsata mzere ngati mkango uja kumayenda motere. Funsani amene wakutumizirani kuti iye waitenga kuti, ndipo ngati anena kuti ku gulu lina, dziwani kuti simunafikebe kwa kalulu. Mawu ojambulidwa opanda dzina la woyankhula, malo ndi tsiku, aikeni pambali. Munthu amene waonadi kanthu satopa kunena kuti iye ndani ndipo anali kuti. Chithunzi chilowetseni mu Google Lens, chida cha pafoni chofufuzira zithunzi, muone ngati chinatulukapo kale kwina. Vidiyo iimitseni, mujambule screenshot, muchite chimodzimodzi. Yang'anani zikwangwani za mashopu, manambala a magalimoto, yunifolomu ya apolisi, mbali ya msewu imene magalimoto akuyenda, ngakhale udzu: ngati akuti zachitika dzulo m'mwezi wa October koma kuthengo kuli kobiriwira ngati m'dzinja, pali funso. Kalata yooneka ngati ya boma kapena ya banki, kaifuneni pa tsamba lenileni la ofesiyo. Mabungwe ofufuza nkhani monga Africa Check, limene linayamba mu 2012 ku Johannesburg, ndi AFP Fact Check, nthawi zambiri amakhala atazitsata kale nkhani zimene zikuzungulira maiko angapo. Ndipo njira yakale ija ikadali yamphamvu: imbirani munthu amene amakhala kumaloko, mumufunse chimene waona iye mwini, osati chimene wamva.

Mukalephera kufika pa gwero, musatumize. Kusadziwa si mlandu, ndipo munthu akhoza kugona bwinobwino ndi funso losayankhidwa.

Aliyense akunena zake, ndatopa, sindikhulupiriranso aliyense

Vuto ili ndi lakale kuposa intaneti. Anthu a fuko la Kalama, a m'tauni ya Kesaputta kumpoto kwa India, anamudandaulira Buddha zomwezi. Aphunzitsi ankabwera motsatizana, aliyense akukweza chiphunzitso chake ndi kunyoza cha mnzake, mpaka anthuwo anasowa wogwira. Buddha anayamba ndi kuwauza kuti kukayika kwawo kunali koyenera. Kenako anatchula zinthu khumi zimene pazokha sizikwanira kukhala umboni: zongomva, mwambo, mphekesera, zolembedwa m'mabuku opatulika, kulingalira kwa nzeru, kuyerekezera, kufanizira zooneka, kugwirizana kwa nkhani ndi maganizo amene munthu ali nawo kale, kuoneka kodalirika kwa woyankhula, ndi ulemu woti ameneyu ndi mphunzitsi wathu.

Chiphunzitsochi, chotchedwa Kalama Sutta, nachonso chinagwidwa ndi matenda amene tikukambawa. Pa intaneti pamayenda zithunzi za Buddha zolembedwa kuti munthu asakhulupirire chilichonse pokhapokha chikagwirizana ndi nzeru zake. Mawu amenewo mulibe m'malembamo, ndipo akutembenuza nkhani, chifukwa kulingalira kwa munthu mwini ndi kugwirizana kwa nkhani ndi zimene amaganiza kale zili pa mndandanda womwewo wa zosakwanira. Amene amati "ine ndinafufuza ndekha" atangoonera mavidiyo atatu omukomera, sangabisale kumbuyo kwa Buddha.

Muyeso umene anawapatsa unali woti ayang'ane zipatso. Ngati chinthu, munthu akachitenga ndi kuchitsata, chimakulitsa dyera, chidani ndi kusokonezeka, ndipo chimathera m'kuvulala ndi kuvutika, achisiye. Anawonjeza kuti aone ngati anthu anzeru amachidzudzula kapena kuchiyamikira, kutanthauza kuti munthu sayenda yekha pa nkhaniyi. Ndinene mosabisa kuti muyesowu unali wa ziphunzitso za kakhalidwe. Sungakuuzeni ngati katemera wakutiwakuti ali ndi vuto. Pamenepo anzeru ake ndi amene anaphunzira za mankhwala ndipo ntchito yawo imayesedwa ndi anzawo poyera. Koma umathandiza kwambiri posankha magwero oti muziwamvera. Tengani tsamba kapena munthu amene mumamutsatira tsiku ndi tsiku, mudzifunse kuti pa miyezi yapitayi wakusandutsani munthu wotani. Ngati mukamuwerenga mumadzuka mukudana ndi anthu amene simunakumanepo nawo, mwapeza yankho. Funsaninso ngati gwerolo linavomerapo poyera kuti linalakwitsa nkhani. Nyuzipepala imene imasindikiza zokonza zolakwika ndi yodalirika kuposa tsamba limene m'moyo wake wonse silinapepesepo.

Kusakhulupirira aliyense si nzeru. Ndi kutopa, ndipo ofalitsa mabodza amakondwera nako, chifukwa munthu amene wati zonse ndi bodza amatsala ndi chimene mtima wake ukufuna basi.

Ndikufuna kunenapo, koma sindili wotsimikiza

Mu Canki Sutta, mnyamata wazaka 16 wa banja la ansembe, dzina lake Kapathika, anafunsa Buddha mmene munthu angasungire choonadi. Yankho lake n'lothandiza kwambiri m'magulu a pafoni. Chinthu chikhoza kukhulupiriridwa ndi mtima wonse koma n'kukhala chopanda kanthu, ndipo china chosakhulupiriridwa chikhoza kukhala choona. Choncho munthu amene ali ndi chikhulupiriro anene kuti "ichi ndi chikhulupiriro changa", amene wamva anene kuti "ichi ndamva", koma asalumphe n'kunena kuti ichi chokha ndicho choona, zina zonse ndi zachabe. Akatero wasunga choonadi, ngakhale asanachipeze.

Tanthauzo lake kwa ife ndi loti nkhani iliyonse tiipereke ndi kulemera kwake kwenikweni. "Ndaona ndi maso anga pamsika m'mawa uno." "Andiuza achimwene amene ali komweko, koma iwo sanaone okha." "Ndawerenga pa tsamba limene sindikulidziwa bwino." "Awa ndi maganizo anga chabe." Ziganizo zinayizi zikusiyana kutali, ndipo gulu limene anthu ake azolowera kusiyanitsa choncho silitekeseka msanga. Mawu oti "ndangotumiza monga ndalandirira" sakuchotserani udindo. Uthengawo ukafika kwa amayi anu umafika ndi dzina lanu pamwamba, ndipo amaukhulupirira chifukwa cha inu.

Ndatsimikiza kuti n'zoona, ndiye nditumize?

Osati msanga. Mwana wa mfumu wina wa ku Rajagaha, dzina lake Abhaya, anafunsa Buddha ngati angayankhule mawu osakondweretsa anthu. Abhaya anali atanyamula khanda pamiyendo, ndipo Buddha anamufunsa chimene angachite khandalo litaika kamtengo kapena kamwala m'kamwa. Iye anati angakachotse ngakhale magazi atatuluka, chifukwa amalikonda. Buddha anati nayenso amatero: zabodza sanena, zoona koma zopanda phindu sanena, ndipo zoona zaphindu, zokoma kapena zowawa, amadziwa nthawi yake yozinenera.

Zithunzi za ngozi ya pamsewu zikhoza kukhala zenizeni, koma mayi wa womwalirayo sayenera kumva za imfa ya mwana wake kudzera pa status ya munthu wachilendo. Dzina la woganiziridwa kuba likhoza kukhala lolondola, koma mukaliponya m'gulu la anthu olusa mwatola nawo mwala. Mbali ina ya fanizo la Abhaya isaiwalike: pali zoona zowawa zimene ziyenera kunenedwa, za katangale, za nkhanza, za mankhwala osowa m'zipatala. Kusinkhasinkha sikutanthauza kutseka pakamwa.

Wotumiza bodzayo ndi amalume anga

Apa ndi pamene mabanja amasweka, ndipo ndi pamene ambiri amene ali ndi umboni wokwanira amalephera. Mukayankha m'gulu la anthu makumi asanu kuti "izi ndi zabodza, muzifufuza kaye", mwawachititsa manyazi akuluakulu pamaso pa ana ndi apongozi. Kuyambira pamenepo sakutetezanso nkhaniyo, akuteteza ulemu wawo, ndipo umboni uliwonse umene mungabweretse udzakhala ngati chipongwe china.

Malemba a Abuda amatchula zinthu zisanu za mawu oyankhulidwa bwino: pa nthawi yake, oona, ofatsa, aphindu, ndiponso ochokera mumtima wofunira mnzako zabwino. Chachisanucho ndicho chimavuta, ndipo ali ndi njira yochikulitsira yotchedwa metta. Musanalembe yankho, khalani mphindi ziwiri mukuwaona amalumewo m'maganizo, mukunena mumtima kuti akhale pamtendere, akhale opanda mantha. Mukatero mudzakumbukira chimene mkwiyo unabisa, choti anatumiza uthengawo chifukwa akuopera banja lawo. Kenako aimbireni kapena alembereni paokha: "Amalume, mwaswera bwanji? Uthenga uja wa mankhwala unandiopsa nanenso, ndiye ndinautsata. Ndapeza kuti vidiyoyo inatuluka kale kudziko lina zaka zapitazo, ndakutumizirani pamene ndaipeza. Mwina mungawadziwitse anzathu m'gulu muja, poti inu akumverani." Mwawapatsa njira yotulukira ali chiimire, ndipo kukonzako kukachokera kwa iwo kudzamveka kuposa kukanachokera kwa inu.

Nthawi zina sadzavomera, ndipo mudzapeza kuti pansi pa vidiyoyo pali china chakuya: kusakhulupirira boma, chipatala chimene chinawakhumudwitsa, mantha a ntchito. Nthano ya anthu osaona ndi njovu, yopezeka m'buku la Abuda lotchedwa Udana, imanena za mfumu ya ku Savatthi imene inawagwiritsa aliyense mbali imodzi ya njovu, wina mutu, wina khutu, wina mwendo, wina mchira, mpaka anamenyana pokangana za maonekedwe ake. Pa nkhani zazikulu, monga chifukwa chimene zinthu zakwerera mtengo, aliyense wagwiradi mbali yake, ndipo kufunsa kuti "inu mwaona zotani?" kumatsegula zambiri kuposa kutsutsa. Koma nthanoyi isagwiritsidwe ntchito molakwa. Kanthu koyera ka ku Ampara kanali ufa, sikanali mbali ina ya njovu. Mukhoza kulemekeza mantha a munthu popanda kuvomereza nkhani imene wawapachikapo.

Ngati ndinu woyang'anira gulu, kambiranani malamulo nthawi ya mtendere, mkangano usanabuke. Awiri akwanira: wotumiza nkhani yoopsa anene komwe waitenga, ndipo wopeza kuti analakwitsa akonze m'gulu lomwelo popanda womuseka. Eni WhatsApp anayesa mbali yawo, pochepetsa kutumiza uthenga kufika kwa anthu kapena magulu asanu okha nthawi imodzi padziko lonse mu January 2019, ndiponso kwa munthu mmodzi kapena gulu limodzi lokha mu April 2020 kwa mauthenga oyenda kwambiri. Zimenezi zimachedwetsa uthenga, koma sizisintha mtima wa woulandira.

Ndinatumiza kale, ndipo zapezeka kuti ndi bodza

Buddha anaphunzitsa mwana wake Rahula, adakali wamng'ono, kuti zochita zake aziziyang'ana monga munthu amadziyang'anira pagalasi: asanachite, akuchita, ndiponso atachita. Akapeza kuti chimene wachita chavulaza, achiulule kwa mphunzitsi kapena mnzake wanzeru, ndipo adzisunge mtsogolo. Palibe pamene anamuuza kuti adzizunze. Chiphunzitso china, Sallatha Sutta, chimanena za munthu wolasidwa muvi amene amalasidwanso wachiwiri chifukwa cha kudandaula kwake. Manyazi ndiwo muvi wachiwiriwo, ndipo ndi amene amachititsa anthu kufufuta uthenga mwakachetechete m'malo moukonza.

Bwererani kulikonse kumene munautumiza, gulu ndi gulu, munthu ndi munthu. Yambani ndi choonadi, osati ndi kubwereza bodzalo. Akatswiri a maganizo anaonetsa kale mu 1977 kuti chiganizo chikamveka mobwerezabwereza anthu amayamba kuchiona ngati choona, ndiye musautumizenso uthenga wabodzawo pofuna kuutsutsa. Lembani mwachidule: "Madzi a m'tauni muno alibe vuto limene linanenedwa. Uthenga umene ndinatumiza dzulo unali wolakwa, chonde musaupititse, ndipo ngati munatumiza kale adziwitseni."

Pamene zonsezi sizikukwanira

Ndingakhale ndikunama nditakusiyani ndi chithunzi choti Chibuda chimateteza munthu ku mphekesera. Awiri mwa maiko amene avulala kwambiri ndi mabodza a pa intaneti ndi a Abuda ochuluka. Ku Mandalay, m'dziko la Myanmar, mu July 2014, nkhani yoti Asilamu awiri a malo omwera tiyi agwiririra mayi wachibuda inafalikira pa Facebook, ndipo mmodzi mwa oifalitsa anali mmonke wotchuka Ashin Wirathu. Pa zipolowe zimene zinatsatira panafa anthu awiri, wina Mbuda, wina Msilamu. Pambuyo pake khoti linapeza kuti nkhaniyo inali yopeka, ndipo oipekawo anamangidwa. Kuyambira August 2017, anthu a mtundu wa Rohingya oposa 700,000 anathawa ku Myanmar kupita ku Bangladesh, ndipo ofufuza a United Nations ananena kuti mauthenga achidani a pa Facebook anathandizira kwambiri. Kampaniyo inavomera mu November 2018 kuti sinachite zokwanira. Ku Sri Lanka, patangopita masiku ochepa kuchokera pa za ku Ampara, zipolowe za m'boma la Kandy mu March 2018 zinachititsa boma kutseka Facebook ndi WhatsApp kwa masiku angapo.

Mkanjo wa mmonke sunamuletse Wirathu. Munthu akhoza kukhala phee ola lathunthu m'mawa, n'kudzuka ndi maganizo akuthwa bwino ogwiritsa ntchito pa chidani. N'chifukwa chake m'chiphunzitso cha Abuda kusinkhasinkha sikuyenda kokha. Kumamangidwa pamodzi ndi kayankhulidwe koyenera, kamene kamaletsa kunama, mawu ogawanitsa anthu, mawu aukali ndi nkhani zopanda pake. Ku Myanmar komweko kunali ena amene anagwira mbali imeneyi. Mu 2014 Nay Phone Latt, wolemba pa intaneti amene anakhalapo m'ndende chifukwa cha zolemba zake, anayambitsa ndi anzake kampeni ya Panzagar, yolimbikitsa anthu kukana mawu achidani, chizindikiro chake chili munthu woluma duwa pakamwa.

Ngati kupuma katatu kuja kukukanika nthawi zonse, ndiye kuti mukuyesa kuphunzira kusambira mtsinje utasefukira. Yambani pamene kuli bata. Mphindi khumi m'mawa musanatsegule foni, khalani pampando kapena pamphasa, msana uli chilili, maganizo ali pa mpweya. Adzathawa, ndipo mukazindikira kuti athawa muwabweze osadzikalipira. Kuzindikira ndi kubweza kumeneko ndiko mudzakufune masana uthenga woopsa ukafika. Ngati kukhala chete kukuutsa zowawa zakale kapena kukukulitsa nkhawa, tsegulani maso, yendani pang'onopang'ono mukumva mapazi akuponda pansi, ndipo zikapitirira kambiranani ndi wachipatala kapena mlangizi. Magulu amene amakusiyani mtima uli m'mwamba usiku uliwonse, atsekeni phokoso kapena tulukanimo.

Pali mtundu umodzi wa uthenga umene suyenera kudikira kusinkhasinkha kwa wina aliyense: umene ukutchula munthu, nyumba kapena gulu la anthu, n'kuitana ena kuti akathane nawo. Umenewo musautumize ngakhale kwa mnzanu pofuna kumufunsa ngati uli woona. Jambulani screenshot yoonetsa nambala ya wotumiza ndi nthawi, dziwitsani woyang'anira gulu kuti auchotse, ndipo imbirani apolisi kapena amfumu a dera lotchulidwalo nthawi yomweyo. Ngati mukumudziwa wotchulidwayo kapena m'bale wake, muchenjezeni kuti achoke pamalopo kaye mpaka apolisi afike.